Mmene mungayalire masipika a home theatre pabalaza panu

M'nyumba zambiri za mu Lusaka muno, kaya ku Chilenje, ku Matero kapena m'mafulati a ku Kabwata, home theatre ilimo kale. Anthu anagula chibokosi chija, muli masipika asanu ndi subwoofer, n'kuwandandalika onse pa kabati ya TV, aang'ono awiri pamwamba pafupi ndi zithunzi za ukwati, subwoofer pansi ataifunditsa kansalu koluka. Phokoso limatuluka lambiri ndithu, koma lonse limachokera kumaso, ndiye ndalama ya masipika asanu ikugwira ntchito ya sipika imodzi. Zimandimvetsa chisoni, chifukwa kuti zinthu zisinthe pamangofunika waya wa mamita angapo, Loweruka limodzi, ndi kudziwa malo a sipika iliyonse.

Opanga filimu sathira mawu onse pamodzi. Amawagawa m'njira zosiyana, ndipo 5.1 yolembedwa pa bokosi ija ikuwerenga njira zimenezo. Asanuwo ndi sipika ya kumaso kumanzere, ya kumaso kumanja, ya pakati, ndi awiri a m'mbali. Imodzi yotsalayo ndi subwoofer, ya mawu ogunda pansi monga bingu ndi kuphulika kwa zinthu. Pafupifupi zonse zimene anthu a mufilimu akulankhula zimatulukira pa sipika ya pakati. Nyimbo ndi zochitika zikuluzikulu zili pa awiri a kumaso. A m'mbali nthawi zambiri amalankhula motsitsa: mvula ikuwaza, anthu akusokosera pamsika, galimoto ikudutsa kumbuyo kwanu. Choncho musadandaule mukaika khutu pa sipika ya m'mbali n'kumva pang'ono pokha. Ndi mmene anaikonzera.

Tembenuzani kaye makina muone kumbuyo

Musanakoke waya uliwonse, onani kumbuyo kwa makina amene masipika amalumikizidwako. Makinawa alipo amitundu iwiri. Ena anabwera m'bokosi limodzi ndi masipika awo, kawirikawiri ali ndi DVD mkati. Ena ndi receiver yoima payokha, ya Yamaha, Denon, Onkyo, Pioneer kapena Marantz, imene mumaigulira masipika padera. Zonse zitheka. Chofunika n'choti kumbuyoko kukhale polowetsa HDMI, kapena kabowo ka makona anayi kolembedwa Optical. Ngati kuli mabowo awiri okha, ofiira ndi oyera, ndi Bluetooth basi, makinawo salandira 5.1 yeniyeni. Amangotenga mawu a njira ziwiri n'kuwamwaza m'masipika asanu. Bluetooth nayonso imanyamula njira ziwiri zokha. Poimba nyimbo pa kitchen party makina otere ndi abwino, koma filimu sangaizungulitse m'chipinda. Mukapita kukagula ku Kamwala kapena m'mashopu a m'tawuni, pemphani wogulitsa akutembenuzireni makinawo muone nokha.

Onaninso kalembedwe ka mphamvu ya malaiti pafupi ndi chingwe chake. Kuno ku Zambia malaiti ndi a 230V. Receiver yakale yochokera ku America imafuna 120V, ya ku Japan 100V, ndipo mukailowetsa pa soketi yathu popanda transformer yotsitsa mphamvu imapsa nthawi yomweyo. Ya ku South Africa ilibe vuto la mphamvu, koma pulagi yake ndi ya mano ozungulira. Iduleni muike pulagi yathu ya mano atatu yokhala ndi fyuzi, kusiyana n'kusanjikiza ma adapter olendewera.

Manambala akuluakulu a pa bokosi, 3000W kapena 5000W olembedwa PMPO, musawawerengere. Nambala yonena zoona ndi ya RMS, ndipo pabalaza wamba 50W mpaka 80W pa sipika iliyonse ndi yokwanira kale. Chenjeraninso ndi kusakaniza zida: masipika a m'bokosi limodzi aja ambiri ndi a 3 ohms (muyezo wa mmene sipika imakanira mphamvu ya malaiti), pamene receiver zambiri zimafuna a 6 kapena 8 ohms. Mukawaphatikiza receiver imatentha n'kumazima yokha. Nambala imeneyi yalembedwa kumbuyo kwa sipika ndi kumbuyo kwa receiver, ziyerekezeni.

Amene mukuyamba kumene ndipo thumba silikulola zonse pakamodzi, ine ndingati yambani ndi receiver ndi masipika awiri abwino a kumaso. Kenako ya pakati, makamaka ya kampani ndi mtundu womwewo kuti liwu la munthu lisasinthe akamayenda kuchoka kumanzere kupita kumanja. Awiri a m'mbali atha kukhala aang'ono, otchipa. Subwoofer ibwere pomaliza.

Mpando choyamba, masipika pambuyo

Apa ndiye pagona ntchito yonse, ndipo sipafuna ngwee. Sankhani malo amodzi okhalapo, pakati pa sofa, moyang'anizana ndi TV. Miyezo yonse ichokera pamenepo. TV ikhale pakati pa khoma ngati chipinda chikulola. TV ya pakona imavutitsa, chifukwa sipika imodzi imapanikizika ku khoma ina ili pambalambanda, ndipo mawu amapendekera mbali imodzi.

Tsopano khalani pa malo aja, muganize kuti muli pakatikati pa wotchi yaikulu yogonekedwa pansi, TV ili pa 12. Sipika ya pakati ili pa 12 pomwepo. Ya kumaso kumanzere ili pa 11, ya kumanja pa 1. Ola lililonse pa wotchi ndi madigiri 30, ndipo 30 ndiyo nambala imene malangizo a ITU, bungwe la padziko lonse loika miyezo ya wailesi ndi TV, amapereka pa masipika a kumaso. Dolby, kampani yokonza mawu a m'mafilimu, imalola kuyambira 22 mpaka 30. M'mamita, ngati mukukhala mamita 3 kuchokera pa TV, masipika awiriwa atalikirane mamita 2.5 mpaka 3.5. Anthu ambiri amawaika mogundana ndi TV, ndiye filimu imamveka yopanikizika ngati ikutuluka pa bowo limodzi. Atalikitseni, muwapotoze pang'ono ayang'ane pamene mwakhala. Kasipika kakang'ono ka pamwamba, ka mawu osongoka, kakhale pa msinkhu wa makutu anu mutakhala pansi, pafupifupi mita imodzi kuchokera pa simenti. Ngati sipika ili ndi bowo kumbuyo, isiyireni mpata wa chikhatho chimodzi kapena ziwiri kuchokera ku khoma.

Ya pakati ndimaisamala kuposa ena onse, chifukwa dandaulo lalikulu m'nyumba zambiri n'lakuti mfuti zikugonthetsa m'kutu koma zolankhula sizikumveka. Iikeni pansi pa TV kapena pamwamba pake, pakatikati. Ikakhala pa shelefu, ikokereni kutsogolo mpaka nkhope yake ifanane ndi m'mphepete mwa shelefu, chifukwa ikabisala mkati mawu amagunda matabwa n'kumveka ngati munthu akulankhulira m'kabati. Musaitsekere ndi chitseko chagalasi. Ikakhala m'munsi kwambiri, ikani kalabala kapena kathabwa pansi pake chakutsogolo kuti iweramukire ku nkhope yanu, isamalankhule ndi maondo.

Awiri otsalawo anthu amawatcha akumbuyo, koma malo awo pa 5.1 ndi m'mbali, chakumbuyo pang'ono. Pa wotchi yathu ija, wa kumanja ali pakati pa 3 ndi 4, wa kumanzere pakati pa 8 ndi 9, pafupifupi madigiri 110. Akwere pamwamba pa makutu ndi masentimita 30 mpaka 60, kuti amene wakhala kumapeto kwa sofa asatchinge mawu ndi mutu wake, ndiponso sipika isamamulirire m'khutu.

Ndikudziwa kuti m'nyumba zathu zambiri sofa imagunda ku khoma, kumbuyo kulibe mpata. Ngati mungathe, ikokeni masentimita 30 kapena 50, chifukwa pa khoma penipeni mawu ogunda amaunjikana n'kumveka olemera mopitirira. Ngati sizitheka, pachikani masipikawo pa makoma a m'mbali molunjika ndi sofa, kapena m'makona a kumbuyo, ayang'anizane okhaokha, ndipo muwakweze pang'ono kuposa muyezo uja. Pabalaza pamene mbali imodzi ndi yotseguka kupita kodyera, sipika ya mbali imeneyo iime pa choimikira.

Khoma la mabuloko limafuna dirilo ndi mapulagi apulasitiki olowetsa m'bowo. Msomali wokhoma ndi hamala umagwedera pakapita miyezi. Musaboole molunjika pamwamba kapena pambali pa soketi ndi switchi, m'menemo ndi mmene mumadutsa mawaya a malaiti. Okhala m'nyumba ya lendi, funsani kaye eni nyumba. Akakana, akalipentala ndi owotcherera zitsulo a ku Kalingalinga angakupangireni zoimikira ziwiri mutawapatsa msinkhu wake. Muwauze kuti tsinde likhale lotambalala ndi lolemera, ndipo sipika imangidwe ndi sikuluwu, chifukwa mwana wokwawa amakoka chilichonse choima.

Za 7.1 ndi Dolby Atmos, ya masipika a kudenga, zisiyeni kaye. Pabalaza pa mamita 4 kapena 5, masipika asanu oikidwa bwino amadzaza chipinda.

Mawaya

Yezani ndi chingwe njira imene waya adzadutse, motsata khoma, kuzungulira chitseko, osati modula pakati pa chipinda. Onjezerani mita imodzi pa waya aliyense. Waya wa kopa wa 1.5 mm² ndi wokwanira pabalaza wamba. Akapitirira mamita 15 tengani wa 2.5 mm². Waya wodula wa mayina otchuka sawonjezera kanthu kamene khutu lingamve, koma pali waya wina wotchipa amene ndi aluminiyamu wopakidwa kopa pamwamba. Palani ndi mpeni: mkati mukatuluka moyera, ndi ameneyo. Amagwira ntchito, koma amathyoka msanga ndipo amafuna wonenepa kuposa wa kopa. Tiwaya towonda tobwera m'bokosi kawirikawiri timakhala tatifupi, ndipo n'chifukwa chake masipika a m'mbali amathera pa kabati. Mutha kuwonjezera utali, bola polumikizapo pakhale polimba ndi pokutidwa bwino, mbali ziwirizo zisakhudzane.

Zimitsani makina, muzule pulagi. Waya aliyense ali ndi mbali ziwiri, ndipo imodzi ili ndi chizindikiro: mzere, zolemba kapena kamsana. Mbali ya chizindikiroyo ipite pofiira ku receiver ndi pofiira ku sipika, inayo pakuda ndi pakuda. Mukasemphanitsa pa sipika imodzi palibe chimene chipse, koma mawu ogunda amachepa ndipo liwu la munthu limasowa malo, silidziwika kumene likuchokera. Sendani sentimita imodzi yokha, potani tinsinga tonse pamodzi, ndipo muonetsetse kuti palibe kamodzi kotsalira kakukhudza chitsulo cha pafupi. Kansinga kamodzi kotere n'kokwanira kuzimitsa receiver kapena kuiwononga.

Matani kapepala kumapeto kwa waya aliyense, mulembe dzina la sipika yake. Mukaiwala kulemba mawaya atadutsa kale, tengani batire laling'ono la 1.5V, mugunditse nsonga ziwiri za waya ku mbali zake kamphindi kochepa, wayayo asanalowe mu receiver. Sipika yake idzalira kuti thi.

Pobisa mawaya, trunking yapulasitiki yoyera yodutsa m'munsi mwa khoma imaoneka bwino ndipo mopu siikola. Pansi pa kapeti podutsa anthu waya amaphwanyika. Amene mukufuna kudutsitsa mu siling'i, lowetsani waya m'paipi ya conduit, chifukwa makoswe amatafuna. Asayende limodzi ndi mawaya a malaiti mtunda wautali. Akakumana, adutsane mopingasa.

Subwoofer

Khutu silidziwa bwino kumene mawu ogunda pansi akuchokera, ndiye subwoofer itha kukhala kwina kulikonse. Koma chipinda chimasewera nawo mawu amenewa: pena amachuluka mpaka kugwedeza chifuwa, sitepe imodzi kutsogolo amasowa. Malo abwino mumawapeza chonchi. Nyamulani subwoofer muiike pa sofa, pamalo anu okhala paja. Imbani nyimbo ya bass yoyenda mobwerezabwereza. Inuyo gwadani, muyende chokwawa motsata makoma mutu uli pafupi ndi pansi, mukumvetsera. Pamene manotsi onse akumveka ofanana, osati amodzi kufuula ena kubisala, ikani chizindikiro. Subwoofer ipite pamenepo, inu mubwerere pa sofa. Ana adzaseka, koma njira imeneyi imagwira ntchito kuposa kungoganizira. Pakona mphamvu imachuluka, koma nthawi zambiri imangokhala chigu gu gu chopanda mawonekedwe.

Subwoofer yokhala ndi pulagi yakeyake imalumikizidwa ndi chingwe chimodzi cha RCA, kuchokera polembedwa Subwoofer Out kapena Pre Out pa receiver kupita polembedwa LFE kapena Line In. Kumbuyo kwake kuli zopotokola. Ya voliyumu iikeni pakati. Ya crossover, yoika malire pakati pa mawu opita ku subwoofer ndi opita ku masipika ena, ipotokoleni mpaka kumapeto, kapena pa LFE, kuti receiver ndiyo izilamulira. Phase, yogwirizanitsa kugunda kwa subwoofer ndi kwa masipika ena, iyambire pa 0. Pambuyo pake wina aisinthe pa 180 inu mutakhala pa sofa, musunge pamene bass ikumveka yodzaza.

Mukatero mudzayamba kumva zinthu zina zikunjenjemera: matambula a mu display, magalasi a mawindo, chithunzi cha pa khoma, siling'i, nthawi zina malata. Zisakeni chimodzichimodzi, muike kansalu kapena kalabala pogundana. Pa matailosi, subwoofer ikhale pa mphira kapena kachidutswa ka kapeti.

Kulumikiza ku TV, ndi kutsimikiza kuti 5.1 ikufikadi

Masipika atha kukhala pamalo pake bwinobwino koma makina n'kumalandira njira ziwiri zokha, mwini wake osadziwa kwa zaka. Gawo ili musalithamangire.

Njira yosavuta, ngati receiver ili ndi mabowo a HDMI, ndiyo kulowetsa zonse mu receiver: dikoda, laputopu, makina a magemu. Kenako chingwe chimodzi cha HDMI chichoke polembedwa Out kupita ku TV. Pa TV sankhani bowo lolembedwa ARC kapena eARC, chifukwa ndi lokhalo limene limabweza mawu a Netflix ndi mapulogalamu ena a mkati mwa TV kupita ku receiver pa chingwe chomwecho. Kuti ARC igwire ntchito, yatsani HDMI-CEC mbali zonse ziwiri. Kampani iliyonse inaipatsa dzina lake: Samsung amati Anynet+, LG amati Simplink, Sony amati Bravia Sync. Ikayaka, rimoti ya TV imakwezanso voliyumu ya receiver, ndipo agogo kapena ana savutika ndi marimoti atatu.

Receiver ikakhala yakale, yopanda HDMI kapena yosadutsitsa chithunzi cha 4K, lowetsani zonse mu TV, ndipo mawu muwatulutse ndi chingwe cha optical. Chotsani tizivindikiro tapulasitiki ta kunsonga kwake, ndipo musachipinde mwamphamvu, mkati mwake mumadutsa kuwala. Optical imanyamula Dolby Digital ndi DTS za 5.1 bwinobwino. Zimene siingathe ndi mitundu yolemera monga Dolby TrueHD, imene imafuna eARC kapena HDMI yolowa mu receiver mwachindunji.

Tsopano lowani mu Settings ya TV, ku Sound. Sankhani kuti mawu atulukire ku receiver, osati m'masipika a TV. Pezani polembedwa Digital Audio Output kapena mawu ofanana nawo. Pakakhala pa PCM, optical ndi ARC wamba zimatumiza njira ziwiri zokha. Sinthani pakhale Auto, Passthrough kapena Bitstream. Chitani chimodzimodzi mu dikoda ndi m'makina ena onse: paliponse pamene pali Dolby Digital, yatsani. Ma TV ena sadutsitsa DTS, ndiye filimu ina ikangoti zii pamene ena akumveka, yang'anani ngati ili ndi mawu a Dolby musankhe amenewo, kapena lowetsani makina oonetsera filimuwo mu receiver.

Umboni uli pa nkhope ya receiver. Filimu ya 5.1 ikamasewera, payenera kulembedwa Dolby Digital, Dolby D, DD+ kapena DTS, kapena tizibokosi tisanu tiyake. Pakalembedwa PCM 2.0 kapena Stereo, penapake pali potsekeka, bwererani m'mbuyo. Koma yesani ndi chinthu chimene chilidi ndi 5.1. Pa Netflix chizindikiro cha 5.1 chimaoneka pafupi ndi dzina la filimu. Pa DStv, matchanelo ena a HD amabwera ndi Dolby Digital. Mavidiyo ambiri a pa YouTube, nkhani za pa TV, ndi mafilimu ambiri oyenda pa flash ndi a njira ziwiri. Pa zimenezi sankhani Dolby Pro Logic II kapena Dolby Surround pa rimoti ya receiver: imakokera zolankhula pakati n'kutumiza zina m'mbali mwaluso. All Channel Stereo kapena Multi Stereo musungire nyimbo tsiku la alendo. Pa filimu imaika liwu la munthu kumbuyo kwa mutu wanu pamene mwini wake mukumuona kutsogolo.

Kuuza receiver za chipinda chanu

Receiver zambiri zimabwera ndi kamaikolofoni koyezera. Pulogalamu yoyezerayo ili ndi mayina osiyana: Denon ndi Marantz amagwiritsa ntchito Audyssey, Yamaha YPAO, Pioneer MCACC. Ikani kamaikolofoniko pamalo anu okhala, pa msinkhu wa makutu, kayang'ane kumwamba, katakhala pa chinthu cholimba, osati m'manja. Zimitsani fani, tsekani mawindo, sankhani nthawi imene kunja kuli bata, inu muchoke pakati pa sipika ndi maikolofoni. Makina adzaliza sipika iliyonse payokha n'kudziwerengera.

Akamaliza, kapena ngati munagula yakale yopanda maikolofoni, lowani mu Speaker Setup muone zinthu zitatu. Choyamba, kukula kwa masipika. Ngati muli ndi subwoofer, onse akhale Small, ngakhale aatali ofika m'chiuno. Small imangotanthauza kuti mawu ogunda pansi apite ku subwoofer, ndipo masipika enawo amapepukidwa n'kumveka oyera. Crossover iyambire pa 80 Hz. Timasipika tokwana m'dzanja timafuna 120 Hz kapena 150 Hz. Opanda subwoofer, ikani awiri a kumaso pa Large ndipo muiuze receiver kuti subwoofer palibe.

Chachiwiri, mtunda. Yezani ndi tepi kuchokera pamene pamakhala mutu wanu kufika pa sipika iliyonse, mulembe manambalawo. Mawu amayenda pafupifupi mamita 343 pa sekondi, ndiye sipika yapafupi imafika msanga m'khutu ndipo imakoka chidwi chonse. Receiver ikadziwa mtunda imachedwetsa yapafupiyo pang'ono kuti onse afikire limodzi. M'zipinda zathu, mmene sipika ya m'mbali imodzi imakhala pa mita imodzi ina pa mamita atatu, muyezo umenewu umasintha zinthu kwambiri. Mtunda wa subwoofer wokha, ngati makina anauyeza okha n'kupeza wotalika kuposa wa tepi, usiyeni, chifukwa awerengera kuchedwa kwa mkati mwake.

Chachitatu, mphamvu ya sipika iliyonse. Yatsani Test Tone, phokoso la shii lidzazungulira masipika. Ikani pa foni pulogalamu yoyezera phokoso, muigwire pamalo a mutu wanu, ndipo mukweze kapena kutsitsa sipika iliyonse mpaka onse apereke nambala imodzi. Muyezo wozolowereka ndi 75 dB. Foni siyeza ndendende, koma chofunika n'choti onse afanane. Subwoofer foni siimva bwino, imeneyo muweruze ndi khutu: izimveka chinthu chikaphulika, koma munthu akamalankhula musaizindikire kuti ilipo. Pomaliza, ngati zolankhula zikadali zobisika, kwezani ya pakati ndi 2 dB kapena 3 dB. Ine ndimachita zimenezi pafupifupi paliponse, makamaka m'nyumba mmene akuluakulu amatsatira Chingelezi cha m'filimu movutikira. Milomo ikamatsogola kapena kutsalira, pali Lip Sync kapena Audio Delay, sinthani pang'onopang'ono mukuyang'ana munthu akulankhula.

Chipinda nachonso chimalankhula. Ombani m'manja kamodzi muli pakati pa balaza. Mukamva kulira kotsalira, matailosi ndi makoma osalala akubweza mawu, ndipo zolankhula zimasokonekera. Kapeti yokhuthala pakati pa sofa ndi TV, makatani olemera, ndi shelefu ya mabuku kapena nsalu yopachika ku khoma la kumbuyo zimathandiza kuposa kugula sipika ina. Mathireyi a mazira musavutike nawo, satchinga phokoso kupita kwa aneba, ndipo moto ukabuka amayaka msanga.

Malaiti, mphezi ndi kutentha

Tonse tikukumbukira 2024, madzi atachepa ku Kariba, mmene malaiti ankapitira maola ambirimbiri. Choopsa kwa makina si kupita kwa malaiti kwenikweni koma kubwera kwake, pamene mphamvu imatha kulumpha kapena kubwera yofooka. Ikani TV guard pa soketi, ija imadikira kanthawi isanalole malaiti kudutsa, ndipo TV, receiver, subwoofer ndi dikoda zonse zidyere pa extension imodzi yolimba yochokera pamenepo. Kudyera pamodzi kumachepetsanso kung'ung'udza kuja kwa mmm kumene kumatuluka mu subwoofer. Kukapitirira, zulani chingwe cha dishi kumbuyo kwa dikoda mumvetsere. Kukasiya, vuto lili pa earth ya dishi kapena ya nyumba, ndipo pamenepo itanani wodziwa za malaiti. Musadule dzino la earth pa pulagi kuti phokoso lithe, limenelo ndi loteteza moyo.

Amene muli ndi inveta kapena sola, onetsetsani kuti ndi ya pure sine wave. Ya modified sine wave imaliritsa transformer ya mu receiver ndi kuitenthetsa. Werenganinso mawati olembedwa kumbuyo kwa receiver ndi subwoofer, muphatikize ndi a TV, muone ngati inveta ingakwanitse. Poonera filimu mwachizolowezi makina amadya ochepera pa olembedwawo, koma batire limatha msanga mukakweza voliyumu, ndipo kuzimitsa subwoofer kumalitalikitsa.

Nyengo ya mvula, kuyambira Novembala mpaka Malichi, mphezi imalowera pa chingwe cha dishi n'kudutsa pa HDMI kukapsereza zonse zolumikizana. TV guard siiletsa zimenezo. Kukayamba kung'anima pafupi, zulani pulagi ku khoma ndi chingwe cha dishi chomwe. Receiver imapuma ndi mabowo a pamwamba pake, ndiye musaifunditse nsalu, musasanjikepo dikoda, ndipo muisiyire mpata wa masentimita 10 kapena kuposa. Mu Okutobala, kabati yotsekedwa imaizimitsa pakati pa filimu. Fumbi la Ogasiti ndi Seputembala lipukuteni ndi kaburashi kouma makina atazima.

Otsala ndi aneba. Mawu a subwoofer amadutsa khoma la mabuloko mosavuta, ndipo m'nyumba zogundana kapena m'mafulati iwo amamva kugunda kokhakokha, filimu osaiona. Receiver ili ndi Night Mode, pena yolembedwa Dynamic Range, DRC kapena Dynamic Volume, imene imatsitsa kuphulika n'kukweza zolankhula, ndipo usiku muziyatsa imeneyo. Tsiku lina masana pemphani aneba mulowe m'chipinda chawo chogona, wina kwanu akukweza voliyumu pang'onopang'ono pa filimu yaphokoso. Nambala imene kugunda kwayambira kumveka kwawoko, ilembeni pa kapepala mumate pa rimoti, ikhale malire a usiku kwa aliyense m'nyumba. Jambulaninso ndi foni masamba onse a Speaker Setup ndi a Sound pa TV, kuti mwana akadzasokoneza kapena makina akadzabwerera pa chiyambi, mudzabwezeretse manambala anu mu mphindi zisanu.